Madzi a pa dooko lathu amachokera ku mapiri a Ntcheu: kodi amawayang'anira ndani?

Mvula yoyamba ikagwa ku mapiri a Ntcheu, ife a kunyanja timadziwa ngakhale kwathu kusanadonthe. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, madzi a pa mathiriro a Bwanje ndi Livulezi amafiira ngati thobwa la mawere, ndipo kufiirako kumalowa m'nyanja kamtunda ndithu. M'madzimo mumabwera mapesi, zitsotso, majumbo, mabotolo ndi zina zomwe maso sangaone. Madzi omwewo ndi amene timatsukira usipa, ndi amene ana athu amasamba, ndiponso mabanja ena amamwa.

Pamisonkhano ya makomiti a BVC pakhala pakubwera funso ili: kodi madziwa ali ndi mwini? Nanga wina akawaononga, timakanena kwa yani? Ambiri amathamangira kwa ife alangizi a za usodzi, ndipo sakulakwa. Koma nkhani ya madzi ili m'manja mwa maofesi angapo a boma, ndipo ofesi iliyonse ili ndi mbali yake. Komiti yosadziwa khomo loyenera kugogoda imataya masiku, pamene madzi oipawo akupita. M'phunziro lino tiona makomo amenewa.

Madzi athu amadutsa kuti asanatipeze?

Boma la Ntcheu limadziwika ndi mapiri ndi minda osati madooko, koma mvula yambiri yogwa kumeneko imathera kwa ife. Mitsinje ya Livulezi ndi Bwanje imatsika kuchokera m'bomali n'kukathira m'nyanja ya Malawi chakummwera. Rivirivi nayenso amayambira ku Ntcheu komweko, koma iye amadutsa ku Balaka n'kukathira mu Shire.

Kumtunda, madera a Lizulu, Mlangeni ndi Tsangano ndi nkhokwe ya kabichi, tomato ndi mbatatesi. Aliyense amene anayendapo pamsewu wa M1 anaziona. Mbewu zimenezi zimafuna feteleza ndi mankhwala ambiri. M'chigwa cha Bwanje mumalimidwa thonje, lomwenso limapoperedwa kangapo pachaka. Sitikunena alimi anzathuwa, poti ndiwo zawo timadya ndife, ndipo usipa wathu amadya ndi iwo. Vuto limabwera munthu akatsukira sipuleya mumtsinje, kapena akataya botolo la mankhwala m'khwawa. Mankhwala a mtundu wa cypermethrin, omwe alimi ambiri amawadziwa, amapha nsomba ngakhale atalowa m'madzi pang'ono kwambiri.

Dothi nalo ndi chiphe, ngakhale sitiliona choncho. Mitengo ikatha m'mapiri ndiponso anthu akalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi limakokoloka n'kudzakwirira mchenga umene chambo chimakumbapo timaenje toswaniranamo. Feteleza wokokoloka amameretsa ndere ndi namasupuni.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchimvetsa chokhudza nyanja yathu. Mitsinje yolowa m'nyanjayi ndi yambiri, koma wotuluka ndi umodzi wokha, Shire. Madzi ambiri amachoka m'nyanja pouma ndi dzuwa. Tsono madzi akamauma, zoipa zomwe zinali m'madzimo siziuma nawo, zimatsala. Mtsinje umadzitsuka wokha chaka ndi chaka, koma nyanja ya Malawi imatenga zaka mazanamazana kuti madzi ake asinthike onse. Chomwe tathiramo lero adzachipeza ndi adzukulu a adzukulu athu.

Wopereka chilolezo cha madzi

Khomo loyamba ndi bungwe la National Water Resources Authority, lomwe ena amangoti NWRA. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la za madzi la chaka cha 2013, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1969. Mwa lamuloli, madzi a m'mitsinje, m'nyanja ndi a pansi pa nthaka ndi a mtundu wonse, ndipo boma limangowasunga m'malo mwathu.

Mayi wotunga madzi akumwa, ophikira kapena ochapira safunika chilolezo. Koma amene akufuna kupatutsa madzi ambiri, monga sikimu ya mthirira, fakitale kapena hotela, ayenera kukhala ndi chilolezo. Okumba mijigo nawonso amayenera kukhala ovomerezeka ndi bungweli. Chachikulu kwa ife ndi ichi: palibe amene aloledwa kutayira madzi oipa a kufakitale kapena a zimbudzi mumtsinje kapena m'nyanja popanda chilolezo. Ndipo chilolezocho si ufulu wotaya chilichonse ayi. Chimanena kuti madziwo ayambe ayeretsedwa kufika pa mulingo wakutiwakuti. Wophwanya zimenezi akhoza kulipitsidwa chindapusa, kulandidwa chilolezo kapena kutengeredwa kukhoti, ndipo mfundo ya lamulo ndi yoti woononga ndiye alipire zokonza.

Choncho ngati pafupi ndi dooko lanu pali malo ogona alendo omwe paipi yake imaloza kunyanja, komiti ili ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti m'paipimo mumadutsa chiyani, ndiponso ngati chilolezo chilipo. Kufunsa si mlandu.

Woteteza chilengedwe

Khomo lachiwiri ndi Malawi Environment Protection Authority, kapena kuti MEPA, yomwe inabwera ndi lamulo la za chilengedwe la 2017. Lamuloli linalowa m'malo mwa la 1996. Ntchito yaikulu isanayambe, monga mgodi, damu, fakitale kapena hotela yaikulu ya m'mbali mwa nyanja, eni ake amayenera kuchita kafukufuku woona mmene ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Pakafukufukuyu anthu okhala pamalopo amayenera kufunsidwa maganizo. Apa tikupempha makomiti: mukamva kuti kuli msonkhano wotere, musasiyire amfumu okha. Pitani, lankhulani za malo oswanirana nsomba, za pamene amayi amatunga madzi, ndipo onetsetsani kuti mawu anu alembedwa. Ntchito ikayamba, kudandaula kumakhala kovuta.

Lamulo lomweli likunena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osamalika, ndipo akhoza kukadandaula kukhoti ufuluwo ukaphwanyidwa. Pa boma lililonse pali mkulu woona za chilengedwe ku khonsolo, ndipo iyeyu ndiye wapafupi ndi ife.

Tisaiwale a Pesticides Control Board, omwe amavomereza mankhwala a mbewu ololedwa kugulitsidwa m'dziko muno. Mankhwala ogulitsidwa m'timabotolo topanda dzina pamsika, makamaka m'misika ya m'malire, ndi nkhani yawo.

Mbali yathu ya za usodzi

Lamulo lathu la za usodzi la 1997, lomwe linapereka mphamvu kwa anthu kuti atenge mbali poyang'anira nsomba, limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena mabomba. Izi zikukhudza katupe ndi zitsamba zina zothira m'madzi. Zikukhudzanso mchitidwe woipitsitsa umene unabwera pambuyo, wothira mankhwala a thonje kapena a tomato m'maiwe a m'mitsinje nthawi ya chilimwe madzi akachepa. Munthu mmodzi amatola milamba ndi matemba odzadza dengu, koma wapha dziwe lonse, ndi tiana tomwe ndi mazira omwe. Kumunsi kwake ng'ombe zikumwa, amayi akutunga. Nsombazo zimakafika pamsika ndipo wogula sadziwa kanthu.

Mlandu umenewu ndi wathu, ife ndi inu. Sufuna kudikira munthu wochokera ku Lilongwe.

Nanga madzi akumwa?

Apa pali kusiyana pakati pa madzi a m'mipopi ya m'matauni ndi madzi a kumudzi.

Lamulo la 1995 linakhazikitsa mabungwe asanu ogulitsa madzi: la Blantyre, la Lilongwe, ndi a zigawo zitatu, kumpoto, pakati ndi kummwera. Pa boma la Ntcheu, Dedza ndi Salima madzi amaperekedwa ndi Central Region Water Board. Ku Mangochi, Monkey Bay ndi Balaka ndi Southern Region Water Board. Mabungwewa amayenera kusefa madzi, kuthiramo kolorini ndi kumawayeza pafupipafupi.

Mulingo woti madzi akumwa akhale otani amaika ndi a Malawi Bureau of Standards. Pali mulingo wa madzi a m'mipopi wotchedwa MS 214, ndi wa mijigo ndi zitsime wotchedwa MS 733. Poyeza amaona zambiri, monga mchere, kuda kwa madzi ndi zitsulo zosungunuka, koma chachikulu ndi tizilombo topezeka m'chimbudzi cha munthu kapena cha ziweto. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'madzi akumwa okwana mamililita 100 musapezeke kachilombo ka mtunduwu ngakhale kamodzi. Tizilomboti sitioneka ndi maso. Madzi a pakati pa nyanja angaoneke oyera ngati galasi, koma kuyera si umboni.

Ogulitsa madzi nawonso amayankha mlandu. M'chaka cha 2017 anthu a ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe anapeza kuti madzi a m'mipopi yawo asakanikirana ndi zonyansa za m'mapaipi a zimbudzi. Sanangodandaula m'makomo mwawo, anagwirizana n'kutengera nkhaniyo kukhoti.

Ambiri a ife sitimwa madzi a mabungwe amenewa. Timamwa a pa mjigo, a pachitsime kapena a m'mipopi ya masikimu a kumudzi. Amenewa amayang'aniridwa ndi ofesi ya za madzi ya pa khonsolo, mothandizana ndi makomiti a mijigo ndi mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi. Mjigo watsopano umayenera kuyezedwa madzi ake anthu asanayambe kumwa, ndipo unduna woona za madzi uli ndi malo oyezera, aakulu ali ku Lilongwe. Wina akadzakukumbirani mjigo, kaya ndi bungwe kaya ndi wandale, funsani pepala la zotsatira za kuyezako ndipo lisungidwe ndi komiti. Tinene chilungamo: mijigo yambiri ya m'midzi mwathu inayezedwa kamodzi kokha pokumbapo, ina mwina ayi. Pambuyo pake palibe amabweranso pokhapokha anthu atadwala. Chimbudzi chisakumbidwe pafupi ndi chitsime kapena mjigo. Azaumoyo amalangiza mamita osachepera 30, ndipo kuno kumchenga, kumene madzi ali pafupi ndipo amayenda mosavuta pansi, kutalikitsa kuposa apo ndi nzeru.

Zomwe zinachitika ku Mpira

Damu la Mpira lili m'boma la Ntcheu, ndipo madzi ake amachokera m'mapiri a nkhalango ya Mvai. Kuchokera pa damuli madzi amayenda okha m'mapaipi popanda injini, kutsetsereka kukafika m'midzi yambiri ya Ntcheu ndi Balaka, mpaka m'tauni ya Balaka momwe. Ndi imodzi mwa masikimu aakulu kwambiri a madzi a kumudzi m'dziko muno.

M'chaka cha 2018 damuli linauma. Mvula inali itavuta, inde, koma si mvula yokha. Mitengo ya kumtunda inali itatha ndi makala ndi minda, timitsinje tothira m'damumo tinasiya kuyenda chilimwe, ndipo dothi lokokoloka linadya malo a madzi. Mipopi inauma kwa miyezi. Amayi a ku Balaka ankalawira usiku kukaima pamizere ya pa mijigo, ena anabwerera ku zitsime zosatetezedwa ndi kumitsinje.

Taganizirani izi. Nkhalangoyo inali yotetezedwa ndi lamulo la za nkhalango. Damulo linali pansi pa oona za madzi. Malamulo onse analipo, maofesi onse analipo, koma damu linauma anthu akuona. Nkhwangwa sinagwetse phiri lonse tsiku limodzi, inkadula mtengo umodziumodzi kwa zaka, ndipo aliyense woona ankati ndi ntchito ya wina kuletsa. Wootcha makala ku Mvai sanamudziwe mayi wa ku Balaka amene anamumanitsa madzi. Chimodzimodzi wotsukira sipuleya mu Livulezi satidziwa ife. Ndipo nafenso tikataya oyilo wa injini pa dooko, sitimudziwa wa ku Malombe amene tamuonongera.

Nsomba zikafa, tichite chiyani?

Chaka china tinalandira uthenga wakuti pa dziwe lina la mumtsinje nsomba zafa zambiri. Uthengawo unatipeza patapita masiku anayi, chifukwa unayamba wadikira msonkhano wa komiti, kenaka munthu woti abwere nawo. Ifenso tinachedwa tsiku lina kusowa mafuta a njinga yamoto. Pofika tinapeza madzi atayera, nsomba zitatoledwa, zina zitawambidwa kale n'kugulitsidwa. Bambo wina anatisungira madzi m'botolo lomwe kale munali palafini. Aliyense m'mudzimo ankadziwa amene anathira mankhwala, koma panalibe umboni woti n'kupita nawo kulikonse. Munthuyo sanaimbidwe mlandu.

Kuchokera pamenepo timauza makomiti kuti tsiku loyamba ndilo lofunika. Musadikire msonkhano. Membala aliyense amene waona aimbire foni mlangizi wa za usodzi ndi mlangizi wa zaumoyo nthawi yomweyo, ndipo amfumu adziwitsidwe. Lengezani kuti anthu asadye kapena kugulitsa nsombazo ndiponso asatunge madzi pamalopo. Jambulani zithunzi ndi foni. Lembani m'buku la komiti tsiku, nthawi, malo, mitundu ya nsomba zomwe zafa, mtundu ndi fungo la madzi. Tungani madzi m'botolo loyera la madzi akumwa, mutalitsukuluza katatu ndi madzi a pamalo omwewo, lidzaze, mulitseke bwino, ndipo mutunge lina kumtunda kwa malowo kuti adzafananize. Mabotolowo pamodzi ndi nsomba zingapo zisungidwe pa ayezi ngati alipo, kapena pamthunzi pozizira. Akatswiri akabwera adzatunga awo m'mabotolo awo, koma anuwo ndi amene agwira madzi a tsiku lenilenilo. Ife ndi amene tidzapititse nkhaniyo kwa a za chilengedwe ndi a za madzi ku khonsolo, ndipo iwo ndi amene amaitana a NWRA kapena a MEPA.

Chenjezo: si imfa iliyonse ya nsomba imene ndi ya poizoni. Pansi penipeni pa nyanja yathu, kupitirira mamita 200 kapena 250, palibe mpweya umene nsomba zimapuma. Mwera ukaomba mwamphamvu, madzi a pansi akhoza kukwera n'kupha nsomba popanda dzanja la munthu. Palinso matenda. M'chaka cha 2020 ku Mchinji kunapezeka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS. Choncho komiti isathamangire kuloza munthu chala, kapena kulanda katundu wake, zotsatira zisanabwere. Ntchito yathu ndi kusunga umboni.

Zonyansa zathu zomwe

Ndi zophweka kunena a kumtunda. Koma matenda ambiri amene amatigwira pa dooko sachokera ku Lizulu. Amachokera pa dooko pomwepo.

Nthawi ya usipa dooko limadzadza ndi alovi, ogula nsomba ndi ogulitsa zakudya, koma zimbudzi ndi ziwiri kapena palibe. Anthu amapita kuseri kwa bango kapena m'madzi momwe. M'mawa pomwepo tikutsukira nsomba ndi mbale. Umu ndi mmene kolera imayendera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unafalikira m'maboma onse, unadwalitsa anthu oposa 59,000 ndipo oposa 1,700 anamwalira. Unali waukulu kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi ndi Salima anavutika kwambiri. Ambiri a inu munataya abale. Likodzo nalo limayenda njira yomweyo: wodwala akakodza m'madzi, tizilombo timalowa mu nkhono, kenaka timatuluka n'kulowa pakhungu la mwana amene akusamba.

Pa nkhani imeneyi ofesi yake ndi ya zaumoyo, kudzera mwa alangizi a zaumoyo a m'midzi. Iwo amayendera zimbudzi ndi malo ogulitsira zakudya, amagawa kolorini wothira m'ndowa nthawi ya mliri, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu zotseka malo osasamalika. Kolorini kapena WaterGuard athiridwe motsatira mulingo umene mwauzidwa, ndipo madziwo adikire mphindi 30 asanamwedwe. Ena amadana ndi fungo lake. Ngati ndi choncho, wiritsani madziwo mpaka abwadamuke. Alovi opita kukagona panyanja anyamule madzi otetezedwa m'chigubu, asadalire kutunga pambali pa bwato.

Mlangizi wa zaumoyo mmodzi amayang'anira midzi ingapo, ndipo sangagone pa dooko lanu. A NWRA ndi a MEPA ali kutali kwambiri kuposa apo. Amene amakhala pa dooko usana ndi usiku ndi komiti. Makomiti a BVC anayamba ku nyanja ya Malombe m'chaka cha 1993 chifukwa boma linavomereza kuti palokha silingathe kulondera nsomba. Pa nkhani ya madzi zinthu zili chimodzimodzi. Malamulo ambiri a m'madooko athu amanena za maso a ukonde, nthawi yotseka nyanja ndi makoka oletsedwa, koma sanena kanthu za chimbudzi, za oyilo wakutha wa injini, za mabatire akutha a nyali, kapena za malo otayira matumbo a nsomba. Zimenezi zikhoza kulowa m'malamulo anu, mutagwirizana ndi amfumu ndi anthu onse, ndipo akavomerezedwa ku khonsolo amakhala ndi mphamvu. Madooko ena amapatula gawo la ndalama zomwe asodzi obwera amapereka kuti likhale la zimbudzi, ndipo tikuona kuti ndi njira yabwino malinga ngati msungichuma akuwerengera anthu ndalamazo poyera.

Msonkhano wa mwezi wamawa usanafike, komiti iliyonse iyende dooko lake kuyambira kumapeto mpaka kumapeto, pamodzi ndi a komiti ya mjigo ndi mlangizi wa zaumoyo. Muwerenge zimbudzi zomwe zikugwira ntchito, mupime ndi mapazi mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime, muone pamene amakaniko amatayira oyilo, ndipo mufufuze ngati pepala la kuyezedwa kwa mjigo wanu lilipo. Patsamba loyamba la buku la komiti mulembe manambala a foni a mlangizi wa za usodzi, wa zaumoyo ndi wa za madzi wa dera lanu. Mlembi adzabwere ndi bukulo, tidzayambira pamenepo.